Wii ya kaunjika: kusewera gemu poponya manja

Mlamu wanga anabwera nayo kuchokera ku Joni: Nintendo Wii yakale, mtundu umene unatuluka mu 2006, marimoti awiri ndi chimbale cha Wii Sports. Pano pa Dedza anyamata anazolowera mpira wa pa PlayStation, kumangodina mabatani ali khale pa benchi. Iyi ndi ina. Ukafuna kumenya mpira wa tenisi, umaponya mkono ngati wagwiradi chomenyera.

Ubwino wake ndauona pa mayi anga, munthu amene foni amangodziwa kuyankha basi. Pa gemu ya bowling tinangowauza kuti apanikize batani la B la kunsi, abweze mkono kumbuyo, auponye kutsogolo n'kulisiya batanilo. Sanafunsenso kawiri. Anamanganso chitenje, kuwerama pang'ono, ndipo tizibonga tonse khumi tinagwa. Tsopano akabwera amayamba ndi iwo kufunsa adzukulu kuti, "Kodi kaja mwayatsa?" Gemu ya nkhonya nayonso ndi mankhwala a chisanu cha mu June kuno: ukangomenya pang'ono, juzi umavula wekha.

Koma pali kabodza. Rimotiyi imamva liwiro ndi kupendekeka kwa dzanja, sidziwa bwinobwino pamene mkono wako uli. Mphwanga wa Sitandade 6 anazitulukira msanga. Ine ndikulumpha thukuta kamukamu, iye ali chigonere pa sofa, kungogwedeza dzanja pang'ono pokha, koma n'kumandigonjetsa pa tenisi. Zimenezi zimathetsa chidwi. Nintendo inatulutsa kachipangizo kowonjezera kotchedwa MotionPlus mu 2009 kuti rimoti izitsatira dzanja bwino, koma Wii Sports yoyambayi sikagwiritsa ntchito.

Kandodo kamene mumaika pamwamba pa TV kamatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo rimoti imadalira kuwalako poloza. Dzuwa likalowa pawindo la kumbuyo kwa TV, kamuvi kamanjenjemera, ndiye katani azikhala wotseka. Malo akufunikanso. Pabalaza pathu ndi popanikiza, timayamba takankhira tebulo kukhoma. Ndipo chingwe cha padzanja chizimangidwa nthawi zonse. Mu December 2006 kampaniyo inachita kusinthira anthu zingwe zolimba marimoti atayamba kupulumuka n'kumaphwanya ma TV.

Rimoti iliyonse imadya mabatire awiri a AA. Gulani otchaja, apo ayi muzingoyenda ulendo wa kugolosale.

Kwa banja la ana ndi akuluakulu, ndikuti gulani mukaipeza pa mtengo wabwino. Wofuna kukhala maola atatu pa gemu imodzi, mapewa adzamuwawa, mabatani ndiye ake. Pogula muuze wogulitsayo aiyatse pomwepo, muyese marimoti onse, muone ngati kandodo kaja kalipo komanso nunchuk, kachipangizo kogwira ndi dzanja linalo kamene mumalumikiza ku rimoti, chifukwa popanda nunchuk nkhonya simusewera.