Uinjiniya wa makina: ku MUBAS kapena ku MUST?

Mwakhoza bwino masamu ndi fizikisi pa MSCE, mtima uli pa makina, ndiye mwagwira fomu ya NCHE yofunsira malo m'mayunivesite a boma. Pamwamba mulembe chiyani, mechanical engineering ya ku MUBAS kapena manufacturing engineering ya ku MUST? Onsewa ndi maphunziro a zaka zisanu, koma sakufikitsani malo amodzi.

MUBAS ndi Poly yakale ija, yomwe inayamba mu 1965 n'kudzaima payokha mu 2021 itachoka mu University of Malawi. Mechanical ya kumeneko ndi yotakata. Mumaphunzira mmene kutentha kumasandukira mphamvu, kayendedwe ka madzi ndi mpweya m'mapaipi, kulimba kwa zitsulo, komanso kujambula makina asanapangidwe. Nzeru zimenezi ndi zomwe zikuyendetsa mapampu a ku Walker's Ferry okankha madzi a mu Shire kukwera nawo mpaka mu Blantyre, makina a EGENCO opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ngakhalenso ma boiler a Illovo ku Nchalo ndi Dwangwa omwe amayaka ndi zotsalira za nzimbe. Paliponse pamene chitsulo chikuzungulira kapena kutentha, munthu wa mechanical amafunikapo.

China chimene ambiri sachiganizira ndi malo. Sukuluyi ili pakati pa mzinda, mafakitale a ku Makata ndi Chirimba ali pafupi. Ikafika nthawi ya attachment, yokaphunzira ntchito ku kampani, mutha kupita nokha kukagogoda pa geti, ndipo nthawi zambiri injiniya amene mukam'peze mkatimo anadutsanso pa Poly pomwepo. Koma konzekerani, moyo wa mu Blantyre umadya ndalama, ndipo ophunzira ambiri amachita lendi kunja kwa sukulu.

MUST ili ku Ndata m'boma la Thyolo, inatsegulidwa mu 2014. Funso la manufacturing ndi lina: chinthu ichi tingachipange bwanji chambiri, chofanana, pa mtengo woti munthu agule? Apa pamakhala za kusungunula ndi kuumba zitsulo, makina odula oyendetsedwa ndi kompyuta, ndi kuyala ntchito m'fakitale kuti pasakhale zotayika. Ine maphunzirowa amandikhudza mtima, chifukwa dziko lathu likuwononga ndalama zakunja, zosowa kalezo, pogula ngakhale tizitsulo ting'onoting'ono ta chigayo. Malowo ndi a phee, abwino kuwerengera. Chovuta n'chakuti mafakitale opanga katundu ndi ochepa kwathu kuno, ndipo makampani ambiri akamalengeza ntchito dzina lomwe analizolowera ndi mechanical. Mudzafunika kufotokoza bwino zomwe mumatha.

Ngati simunadziwebe mbali yomwe mukufuna, ine ndinganene kuti yambani ndi MUBAS, chifukwa kuchokera ku mechanical mutha kukhotera ku magetsi, ku shuga, ku simenti kapena ku migodi. Ngati loto lanu ndi kudzatsegula malo anuanu opangira makina ofinyira mafuta a mtedza kapena opunthira chimanga, MUST ikuyenererani. Amene mtima uli pa mathirakitala ndi ulimi wothirira, muonenso agricultural engineering ya LUANAR ku Bunda musanatseke fomu.

Kulikonse komwe mungapite, pa holide pezani garaja kapena malo owotcherera zitsulo muzikagwirako sipanala. Mukamaliza, kalembetseni ku Malawi Engineering Institution, bungwe lolembetsa mainjiniya, kuti zaka zomwe mukugwira pansi pa injiniya wamkulu ziyambe kuwerengedwa.