Ford Ranger V6: batani la 4A landikhazika mtima pansi, koma wondigulitsa anandilakwira

Ndinagula Ranger Wildtrak iyi kwa bambo wina wogulitsa galimoto zochokera ku Joni muno mu Lilongwe, itayendako kale pang'ono. Za mtengo sindinena, ndi mmene dola ikusowera aliyense akudziwa. Ndakhala nayo miyezi 9. Injini ya dizilo ya malita 3 ndi magiya ake 10 palibe chodandaula. Chandilembetsa ndi mabatani anayi ali pafupi ndi giya, osankhira magudumu okoka galimoto: 2H (akumbuyo okha), 4A (galimoto imasankha yokha pomwe akutsogolo athandize), 4H (onse anayi) ndi 4L (onse anayi, mwamphamvu koma pang'onopang'ono).

Tsiku lotenga galimoto ndinamufunsa bamboyo kusiyana kwake. Anayankha akuyang'ana foni: "Bwana, mvula ikayamba ingodinani 4H, zinazi musavutike nazo." Ine ndinamvera. Mvula itayamba ndinadina 4H n'kuisiya pomwepo masiku angapo. Tsiku lina kutayera, ndikukhota kuti ndiime pasitolo, galimoto inayamba kudumphadumpha, matayala akulira, chiwongolero chitalimba ngati wina akuchikoka. Mtima unangoti phwii, ndati basi andigulitsa yakufa. Wogulitsa uja ndinamuimbira masiku atatu osayankha. Lachinayi anangoti, "Munagula mukuiona." Mawu amenewo mpaka lero amandiwawa.

Amene anandithandiza ndi makaniko wina wachikulire ku Biwi. Anaiyendetsa pang'ono, n'kudina 4A, vuto lonse zii. Kenaka anajambula pansi ndi kamtengo. "Achimwene, pa 4H shafti yakutsogolo ndi yakumbuyo zimamangidwa pamodzi, zizungulire mofanana. Koma pokhota, magudumu akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. Pamatope tayala limangoterera pang'ono, zatha. Pa tala youma lilibe poterera, ndiye zitsulo zimalimbana zokhazokha. Mukanapitiriza mukanathyola zinthu zodula." Pa 4A, anatero, m'kati mwa transfer case, bokosi logawa mphamvu ya injini kutsogolo ndi kumbuyo, muli klatchi ya timbale tambiri yomwe kamota kamagetsi kamaifinya kapena kuimasula. Kompyuta imawerenga masensa a mabuleki a ABS oyeza liwiro la gudumu lililonse, imaonanso mmene mwapondera moto. Msewu ukakhala wabwino mphamvu yambiri imapita kumbuyo. Magudumu akumbuyo akangoyamba kuthamanga kuposa akutsogolo, klatchi imafinyidwa, akutsogolo n'kuyamba kukoka nawo. Popeza siyomangidwa kotheratu, pakona imalola magudumu kusiyana liwiro.

Ndinamva, koma kukhulupirira ndinakhulupirira mu Januwale. Tinapita kumaliro a malume ku Mtakataka titanyamula matumba a chimanga ndi nkhuni. Pobwerera kumbuyo kunalibe kanthu, ndipo amene anayendetsapo pikapu akudziwa kuti ikakhala yopanda katundu kumbuyo kumapepuka ndipo sikuchedwa kuterereka. Tinayamba kukwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti kukuda, mvula ili pululu. Mayi a kunyumba anali pambali panga, apongozi kumbuyo. Msewu uja ndi watala, koma madzi anali atakokolola dothi lofiira la m'phiri n'kuliyala pamakona. Apa tala, apa matope, apa talanso. 4H siyenera pamakona akuthwa atala, pomwe 2H siyikwanira pamatopepo. Ndinali pa 4A.

Pakona ina yokhota kwambiri, pokwera, magetsi anaunika matope atadzaza msewu wonse, mbali inayo kuli phompho. Kuima sikukanatheka chifukwa kumbuyo kunali minibasi. Pikapu yanga yakale pamalo otere mchira unkagwedezeka, ndipo manja anga anali atakonzeka kale kulimbana ndi chiwongolero. Ndinaponda moto pang'onopang'ono. Ndinamva kumbuyo kukufuna kusuntha, kamodzi kokha, nthawi yomweyo kutsogolo kunagwira n'kuikokera galimoto mkati mwa kona. Palibe chomwe ndinadina. Apongozi sanadule n'komwe nkhani yomwe ankakamba ya omwe anabwera kumaliro. Zinachitikanso kawiri tisanafike pa Masasa, ndipo titalowa mu M1 ndinazindikira kuti malaya anga anyowa ndi thukuta pomwe anzanga awiriwo sanadziwe kalikonse. Usiku umenewo mkwiyo wanga pa galimotoyi unatheratu.

Musaganize kuti 4A ndi yankho pa chilichonse. Imathandiza kukoka, koma poima mabuleki ndi matayala ndi omwe aja, choncho potsika phiri lomwe lija mvula ikugwa muziyendabe mofatsa. Padambo la kumudzi kwathu, pomwe matope amafika m'mawondo, ndimaima, kuika giya pa N, kudina 4L, ndi kuyatsa diff lock yakumbuyo, yomwe imamanga magudumu awiri akumbuyo kuti azizungulira limodzi. Achikulire aja anandichenjeza kuti ndikaumiriza 4A m'matope akuya klatchi ija imangogwira ndi kumasula mpaka kutentha. Pamsewu wouma wopita ku Kasungu ndimabwezera pa 2H, chifukwa V6 imamwa ndithu, ndipo amene anagonapo pamzere wa dizilo safuna kutaya ngakhale lita imodzi.

Makaniko yemweyo ndiye anaona kuti tayala limodzi lakumbuyo linali la saizi ina, laling'ono kuposa anzake. Pagalimoto yotere zimenezi ndi zoopsa, chifukwa tayala laling'ono limazungulira mofulumira, kompyuta n'kumaganiza kuti likuterereka, klatchi n'kumagwira ntchito popanda chifukwa. Ndinagula matayala awiri ndi ndalama zanga.

Pankhani ya 4H ija ndayamba kumumvetsa wogulitsayo. Pamalo pake zambiri ndi ma Hilux, omwe alibe 4A, ndiye mwina analankhula zomwe anazolowera. Kusadziwa ndikhoza kukhululuka. Koma tayala lija analiika akudziwa, ndipo foni yanga ankaiona ikulira. Galimotoyi ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha dizilo. Mlamu wanga akufuna yonga yomweyi, ndipo ndamuuza kuti tikagule kwina, titatengana ndi achikulire a ku Biwi aja.