Lenzi yopanga m'diso langa lovulala: mmene zikuyendera patapita miyezi yambiri

Mpira unandimenya pa diso lakumanzere. Kunja silinang'ambike, koma mkati munaduka timinyewa totchedwa zonules, tomwe timagwira lenzi (kagalasi kachilengedwe ka m'diso) kuti ikhale pakati. Lenziyo inayamba yapendekeka, kenaka inagwera kumbuyo mu jeli wa m'diso, ndipo zonse zinangosanduka chimbuuzi.

Adokotala anandichita vitrectomy, kuchotsa jeliyo pamodzi ndi lenzi yanga. Kathumba komwe amaikamo lenzi yatsopano pa opaleshoni ya ng'ala kanali katagwera limodzi, choncho lenzi yopanga yomwe anandiika anaikoleka ku choyera cha diso, potsatira njira ya Shin Yamane wa ku Japan. Timiyendo tiwiri ta lenzi amatitulutsa ndi singano yopyapyala, n'kutenthetsa nsonga zake kuti zipange kamutu koletsa kubwerera mkati. Sasoka ndi ulusi ayi.

Pano chaka chatsala pang'ono kukwana, ndipo sindidandaula kuti ndinavomera. Nkhope za anthu ndimazizindikira ali patali, lenzi sinasunthepo. Powerenga ndimavala magalasi, chifukwa lenzi yopanga siisintha maonekedwe ake kuti ione pafupi. Zimenezo ndinazolowera msanga.

Chomwe chikundisautsabe ndi kuwala. Mwana wa diso anatsala wotambasuka, popeza mnofu womutseka unang'ambika tsiku la ngoziyo. Usiku nyali za galimoto zimachita kumwazika, ndipo masana opanda magalasi akuda misozi imangotsika yokha. Opaleshoni ya lenzi siikonza zimenezi, ndipo ndi bwino munthu azidziwiretu.

Nkhani yomwe ndimaitenga mozama ndi presha ya m'diso. Yabwino imakhala pakati pa 10 ndi 21 mmHg (muyezo wa presha). Yanga inadutsa pamenepo ndikudontheza mankhwala a steroid, ine osamva ululu uliwonse; anaipeza poyeza basi, n'kundisinthira mankhwala. Adokotala anaonanso kuti ngalande yomwe madzi a m'diso amatulukira inawonongeka, vuto lomwe amalitcha angle recession, ndipo limatha kubweretsa glaucoma, matenda owononga mtsempha wa diso, patapita zaka zambiri. Ndiye kuyezetsa sindidzasiya, ngakhale diso lizioneka bwino chotani.

Amene mwachitidwa kumene opaleshoni ngati imeneyi, funsani ngati ngalandeyo anaiunika ndi gonioscopy, kuyeza kogwiritsa ntchito kagalasi kapadera koika pa diso. Ndipo mukaona ziphaliwali, timadontho takuda tochuluka mwadzidzidzi kapena mthunzi ukubwera cham'mbali, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa retina, mbali ya kumbuyo mkati mwa diso yomwe imalandira kuwala, ikhoza kukhala ikumatuka.