Shopu ya magalasi ku Tete kapena sukulu ya maso ku Nampula?

Wachinyamata wa ku Ulónguè, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, wofuna ntchito ya maso ali ndi njira ziwiri. Yachidule ndi kulowa m'shopu ya magalasi mumzinda wa Tete ngati wothandizira. Umayeza kutalikirana kwa maso, kuwongola mafulemu opindika, kumasulira agogo zimene dokotala walemba m'Chipwitikizi. Malipiro amayamba mwezi womwewo, koma kupima maso ndi kulemba mphamvu ya magalasi si gawo lako, olo utakhalamo zaka 10.

Inayo ndi digiri ya optometria (maphunziro opima maso) ku yunivesite ya UniLúrio, ku Nampula. Nkutali zedi, zaka 4, ndipo ndalama za mbatata ya kachewere za makolo zimathera komweko. Koma ukabwerako, wopima maso ndiwe, m'chipatala kaya m'shopu. Makolo atakhala ndi kangachepe, ine ndingakwere basi ya ku Nampula.