Wa ku Mchinji kupita ku Lusaka: ndege ya ku KIA kapena basi ya ku Chipata?

Anthu amakopeka ndi nthawi yolembedwa pa tikiti. Kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu (KIA) ku Lumbadzi kukatera pa Kenneth Kaunda ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 600, ndipo ndege yolunjika imangokhala m'mwamba ola limodzi ndi theka. Kwa wa ku Area 25 nzoona. Wa ku Mchinji nkhani yake ndi ina.

Inu muli kale pakhomo pa Zambia, koma kuti mukwere ndege muyenera kuyamba mwabwerera m'mbuyo. Msewu wa M12 kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110, maola awiri ngati minibasi siyikuimaima pa Kamwendo ndi pa Namitete. Mukatsika m'tauni patsala makilomita ena 25 a ku Lumbadzi, ndipo ndi katundu mumafunika takisi. Pa bwalo amafuna mufike kutatsala maola awiri. Mukatera, pali mzere wodindira pasipoti, kudikira chikwama, kenako takisi ina yolowera mu Lusaka. Mukawonkhetsa zonse, maola asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu apita.

Basi njira yake ndi iyi: takisi kupita pa chipata cha Mwami, kudinditsa, takisi ina kukafika ku Chipata. Kuchokera apo ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, kudutsa Katete, Petauke, Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, maola asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi. Mabasi ambiri amanyamuka m'bandakucha, choncho konzekerani kugona ku Chipata. Msana umamva kuwawa m'mapiri a ku Luangwa, zimenezo sitingabise.

Chopweteka kwenikweni chili pogula tikiti pa intaneti. Tsiku limene kulibe ndege yolunjika, kompyuta imakupatsanibe ulendo wa "Lilongwe - Lusaka", osazindikira kuti ukudzera ku Addis Ababa. Kumeneko ndi makilomita pafupifupi 2,600 kupita kumpoto, kenako ena 2,900 kubwerera kummwera. Ulendo wa 600 wasanduka wa 5,500, ndipo mwina mugoneko. Musanalipire, yang'anani ngati palembedwa poima panjira, muonenso tsiku lofika. Mukaona "+1" pambali pa nthawi, ndiye kuti mukafika mawa lake. Malawi ndi Zambia ali pa nthawi imodzi, ndiye maola ochuluka pa tikiti musawayese kusiyana kwa wotchi.

Za katundu nzachidule: ndege imayeza pa sikelo n'kulipiritsa kilo iliyonse yopitirira, pomwe pa basi mumakambirana ndi kondakitala. Pa Mwami chenjerani ndi osintha ndalama, chifukwa mbali zonse ndi kwacha. Akatchula mtengo funsani kuti ndi kwacha iti, ndipo muwerenge nokha musanapereke zanu.

Ndege ndi ya wodwala amene sangapirire basi, kapena amene tikiti wamugulira ndi bwana. Wa geni wa ku Mchinji, kaya pa boma kapena ku Kapiri, kwerani ya ku Chipata. Kupatula usiku wogona ku Chipata, mungochedwa ndi maola ochepa, ndipo ndalama ya tikiti mukawonjezera pa mpamba.