Chitsekerero chomangirira ndi chochoka: ndayesa zonse ziwiri

Mlamu wanga atabwera kuchokera ku Ireland, anatisiyira mabotolo anayi a madzi kunyumba kwathu ku Nchalo. Loyamba ndinalimbana nalo poganiza kuti ndi lowonongeka. Chitsekerero chinatseguka koma chinakana kuchoka, chikungolendewera pakhosi pa botolo, ndipo pomwa chinkandikanda pamphuno. Alamu anati ndi lamulo: kuyambira pa 3 Julayi 2024, mayiko a European Union amafuna kuti mabotolo apulasitiki a zakumwa osapitirira malita 3 akhale ndi zitsekerero zosachoka, kuti zisamatayike paliponse n'kukathera m'nyanja.

Kwathu kuno botolo silitayidwa chakumwa chikatha. Timaikamo thobwa, mafuta ophikira, petulo wa njinga zamoto, madzi opita nawo kudimba. Choncho ine ndikuyesa chitsekerero pa ntchito zimenezi.

Kudimba chomangirira chimapambana. Dzuwa la Okutobala kuno kutentha kumadutsa madigiri 40, munthu umamwa madzi pafupipafupi, manja ali matope okhaokha. Chochoka chikagwera m'matope a m'mphepete mwa Shire, basi chapita, umayamba kutseka botolo ndi chitsononkho, madzi n'kumatayikira m'thumba. Wakabaza nayenso angachikonde, poti amatsegula ndi dzanja limodzi osaopa kuti chigubuduzikira pamsewu.

Koma pa thobwa chinandikhumudwitsa kwambiri. Mayi a kunyumba amagulitsa thobwa pamsika, ndipo anayesa mabotolo awiri mwa anayi aja. Pothira, chitsekerero chimabwerera n'kutchinga pakamwa pa botolo. Potseka, kamchira kake kamakoka mbali imodzi, chimakhala chopendekeka, iwe ukuyesa kuti chatseka. Thobwa likayamba kusasa ndi kutentha kuja limadzaza mpweya, ndiye tsiku lina tinapeza beseni lonse lili nyankhanyankha, ntchentche zitazungulira.

Chondidetsa nkhawa koposa ndi kutsuka. Nsenga za thobwa zimabisala pansi pa kamphete komanso popindikira kamchira, pomwe chala sichifika. Chochoka mumachiviika chokha m'madzi otentha a sopo, n'kuchitsuka mkati monse ndi mswachi wakale. Ife amene tinaona kolera wa 2022 ndi 2023 sitingaitenge nkhani imeneyi mopepuka, botolo limodzi likumwedwa ndi anthu osiyanasiyana mlungu wonse. Komanso chochoka chikatha mano, mumangotenga cha botolo lina.

Zoti zitsekerero zochoka zimadzaza m'ngalande n'zoona, mvula ikagwa timaziona zikuyandama kulowera ku Shire, kupatula zimene ana atola kuti apange matayala a magalimoto awo a waya.

Mayi a kunyumba anadula timichira ta mabotolo awo awiri ndi lezala. Awiri enawo ndinawaletsa kuwakhudza, ndi amene ndimapita nawo kudimba.