Cushing pa galu wokalamba: trilostane, mitotane kapena opaleshoni?

Galu wa zaka 9 kapena 10 akayamba kumwa madzi mosalekeza, kukodza pafupipafupi, kudya osakhuta, mimba n'kulendewera, ubweya n'kumathothoka mbali zonse ziwiri popanda kuyabwa, eni ake ambiri amangoti wakalamba. Ena amathamangira mankhwala a njoka za m'mimba. Komatu izi ndi zizindikiro za Cushing, matenda obwera thupi likamapanga homoni ya cortisol yochuluka. Homoniyi imachokera m'tiziwalo tiwiri ta adrenal tomwe tili pafupi ndi impso. Mwa agalu 100 odwala, 80 mpaka 85 vuto limayambira pa kachotupa ka mu pituitary, pansi pa ubongo, komwe kamangolamula adrenal kuti izigwira ntchito osapuma. Otsalawo chotupa chimakhala pa adrenal penipenipo. Galu amene wakhala akumwa prednisolone, mankhwala ogwira ntchito ngati cortisol, kwa nthawi yaitali amaonetsanso zizindikiro zomwezi, ndipo iyeyu safuna mankhwala atsopano. Dokotala amangomuchepetsera akalewo pang'onopang'ono.

Magazi akatsimikizira matendawa, dokotala wa ziweto amatchula mayina awiri a mankhwala. Trilostane, yogulitsidwa m'dzina la Vetoryl, imatsekereza kapangidwe ka cortisol koma cholinga chake si kuwononga chiwalocho. Mphamvu yake imatha pakadutsa maola, n'chifukwa chake galu amamwa tsiku lililonse, pamodzi ndi chakudya, moyo wake wonse. Poyambira amakonda kupereka pafupifupi 2 mg pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa galu patsiku, ndipo madokotala ambiri amagawa mlingowu pawiri, m'mawa ndi madzulo. Magazi amayezedwa pakatha masiku 10 mpaka 14, pakatha mwezi, pakatha miyezi itatu, kenako miyezi itatu iliyonse. Mlingo ukapyola, kusiya mankhwala masiku angapo kumabweza zinthu mwakale pa agalu ambiri, ngakhale alipo ochepa omwe adrenal yawo imafa ndithu. Vuto lake ndi thumba: makapisozi amagulidwa mwezi ndi mwezi, ndipo galu wa makilogalamu 35 amadya ndalama zambiri kuposa kagalu ka m'nyumba. Makapisoziwo akasowa m'sitolo, ludzu ndi mkodzo uja zimabwerera posachedwa.

Mitotane, kapena Lysodren, ndi yakale ndipo ndi yaukali. Ndi m'bale wake wa DDT, mankhwala ophera tizilombo aja, ndipo imapha mbali ya adrenal yopanga cortisol. Imayamba ndi sabata yovuta: pafupifupi 50 mg pa kilogalamu tsiku lililonse, kwa masiku 7 mpaka 10 pa agalu ambiri, mpaka chiwalocho chitawonongeka mokwanira. Amene amadziwa kuti pakwana ndi mwini galu, osati dokotala. Galu uja ankameza chakudya osatafuna akangoima kaye pambale, kapena kusiyako pang'ono, kapena kuchepetsa madzi, mumasiya mapiritsi tsiku lomwelo n'kupita kukayezetsa magazi. Mukachedwa masiku awiri mutha kuwononga chiwalo chonse. Apa ndimaona kuti makomo athu ambiri sangakwanitse. Ngati agalu atatu amadyera mbale imodzi, lero wawapatsa mwana, mawa mlonda, ndani angaone kuti uyu wadya mozengereza? Sabata imeneyi imafuna munthu mmodzi, mbale yakeyake ya galuyo, ndi madzi oyezedwa m'botolo. Mukaoloka pamenepo zinthu zimapepuka, chifukwa mlingo womwe unali wa tsiku umasanduka wa sabata yathunthu, wogawidwa kawiri kapena katatu. Komabe matenda amabwerera pa agalu ambiri ndithu, n'kufunika kuyambiranso sabata yovuta ija.

Nanga amakhalitsa ndi moyo ndi ati? Kafukufuku wa ku Britain wa mu 2005, pa agalu 148 a Cushing ya pituitary, anapeza kuti theka la omwa mitotane linafika masiku 708 lili moyo, pomwe theka la omwa trilostane linafika masiku 662, kusiyana kochepa kosati n'kusankhirapo. Mankhwala onsewa sachiza kachotupa ka mu ubongo, amangoletsa zizindikiro. Ndipo onse angagwetse cortisol pansi kwambiri: galu akasanza, kutsekula m'mimba, kukana chakudya kapena kufooka mpaka kugwa, musampatsenso mankhwala, thamangirani kwa dokotala. Amene galu wawo ali pa mitotane azisunga prednisolone m'nyumba ya tsiku lotero.

Opaleshoni ndi yokhayo ingachize. Chotupa chikakhala pa adrenal imodzi ndipo sichinafalikire, kuchotsa chiwalocho kumathetsa matenda, koma ndi opaleshoni yaikulu, pafupi ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi, ndipo pafupifupi theka la zotupa za pamenepa ndi khansa. Kuchotsa pituitary kumachitika m'zipatala zochepa kwambiri, monga cha yunivesite ya Utrecht ku Netherlands, ndipo galu amamwa mahomoni olowa m'malo moyo wake wonse. Palinso mankhwala ena, selegiline: ndi yofatsa koma imathandiza agalu ochepa, moti sindingaiyike pamzere umodzi ndi ziwiri zija.

Ine ndingayambe ndi trilostane pa galu wokalamba aliyense amene impso ndi chiwindi chake zili bwino, chifukwa cholakwika chake nthawi zambiri chimabwezeka. Koma musanagule kapisozi woyamba funsani dokotala mafunso awiri: magazi adzayezedwa kuti, ndipo mankhwala adzapezeka mwezi uliwonse? Kupereka aliwonse mwa awiriwa popanda kuyeza magazi n'koopsa kuposa matendawo, chifukwa Cushing imayenda pang'onopang'ono pomwe kusowa kwa cortisol kungaphe galu m'masiku ochepa. Galu wa zaka 13 amene amangomwa madzi ochulukirapo koma akuyenda bwino, dokotala atha kumusiya osampatsa kanthu, n'kumangomuyeza mkodzo, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Amene akukodzera m'nyumba usiku uliwonse, miyendo yakumbuyo ikufooka, khungu likuchita zilonda, ameneyo ayambe mankhwala. Makapisozi a Vetoryl sawatsegula kapena kuwagawa, ndipo mayi woyembekezera asagwire mankhwala onse awiriwa.